Khobidi Limodzi Lokha pa Dziko Lonse

1

Ngati munakhalapo pa msonkhano wa amayi umene ine ndinayankhula, khobidi langa munaliona. Palibe ankatuluka asanalione. Ndinkalisolola m'bulauzi pang'onopang'ono, n'kulikweza ndi katcheni kake kuti ngakhale a kumbuyo, aja amangobwerera tiyi, alione bwinobwino.

"Amayi," ndinkatero, "ili ndi khobidi la ku Roma wakale. Amuna anga anandiveka tsiku limene ankandifunsira, ndipo anati lilipo limodzi lokha pa dziko lonse, ngati ine. Mwamuna akakukonda sakupatsa zinthu za m'sitolo zimene aliyense angagule. Ngati anu amakubweretserani sopo, dzifunseni pamene mukulakwitsa."

Amayi ankaomba m'manja, ena mpaka kupukuta misozi. Ndinali mlangizi wa mabanja, ndipo ndisaname, ntchitoyo inkandikomera. Palibe chokoma ngati kukonza banja la mnzako.

Pakhobidipo panali mutu wa munthu wa khosi lalitali, wovala mikanda kumutu. Amuna anga anati ndi mfumukazi, ndipo kuchokera pamenepo aliyense ankanditchula Mfumukazi. Iwo anzawo amawatchula aKaisara. Ntchito yawo ndi kupanga mamendulo ndi zikho za mpira, zija amapatsa ana asukulu akapambana pothamanga m'matumba, koma akayamba kukamba za Roma mungaganize kuti anasiyako munda.

Mwana tili naye mmodzi, wamkazi, amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala. Iye anapeza mwamuna pafupi pomwepa: mnyamata amene aKaisara anamutenga asanadziwe ngakhale kugwira tupa, n'kumuphunzitsa ntchito mpaka kukhala kapitawo wa shopu yawo. Mnyamata waulemu, woyankhula motsitsa mawu. Ndinkamutchula mkamwini ukwati usanachitike n'komwe. Holo tinalipira, makadi tinagawa, ndipo ine ndinalengeza pa msonkhano kuti pa tsikulo ndidzavula khobidi langa n'kumuveka mwana wanga pamaso pa anthu.

Amene anayambitsa zonse ndi asewere anga, mayi a mnyamatayo. Tikukambirana za maluwa, anagwira khobidilo n'kulipekesa ndi chala.

"Koma ndi lagolide?" anafunsa. "Ine likundionekera ngati kawashala ka pampopi."

Ndinaseka nawo, koma mumtima ndinalumbira. Ndikatenga pepala la katswiri lonena mtengo wake, ndipo lidzawerengedwa pa maiki, asewere ali pa mpando wakutsogolo.

2

Katswiriyo ndinamupeza m'nyumba ina yosanja m'tauni, pakati pa ochita fotokope ndi okonza mafoni. Kashopu kopapatiza, kodzaza makabati agalasi a masitampa, mawotchi oima ndi ndalama za maboma amene anagwa kalekale. Mwini wake ndi bambo wowonda, wachikulire. Anthu a m'nyumbamo amawatchula aSikelo chifukwa chilichonse ukawapatsa amayamba achiyeza kulemera.

Ndinavula tcheni n'kuliika pa kansalu.

"Mulisamale, bambo. Lilipo limodzi lokha pa dziko lonse."

ASikelo anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, ngati munthu amene wamva nyimbo yoidziwa. Kenaka anaika kagalasi m'diso n'kuwerama.

"Choyamba, mayi, uyu si mkazi."

"Mukuti bwanji?"

"Ndi mwamuna. Mafumu a nthawi imeneyo ankameta ndevu n'kumanga mikanda kumutu. Zilembo zazungulirazi ndi dzina lake ndi maudindo ake. Ndi bambo ameneyu."

Ndinakhala pansi. Zaka zonsezi ndinkavomera dzina la bambo wometa ndevu, mpaka kulisindikiza pa makadi a ukwati.

"Chabwino, mwamuna kapena mkazi, mtengo wake ndi wotani?"

"Likanakhala lenileni, mtengo sukanafika pa nsapato mwavalazo. Mafumuwa ankakhoma makobidi amkuwa osawerengeka olipirira asilikali, ndipo alimi a kumeneko amangowafukula m'minda. Ndiye ili munachita kuliboolanso."

"Mwati likanakhala?"

Anandipatsa kagalasi n'kulitembenuza chammbali.

"Mukuona kamzere kakuzungulira m'mphepetemo? Ndi pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Wina anapala ndi tupa, waluso ndithu, koma kakuonekabe. Timabowo iti ndi mpweya umene unatsalira pothira chitsulo chosungunula. Aroma sankathira makobidi amtundu uwu. Ankaika kachitsulo pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi nyundo, limodzi limodzi, pa manja. N'chifukwa chake simungapeze awiri ofanana ndendende. Lina limapendekera uku, lina limang'aluka apo."

Ananyowetsa thonje ndi sipiliti n'kupukuta pangodya. Kubiriwira kuja, kumene ndinkauza amayi kuti ndi dzimbiri la zaka zikwi ziwiri, kunatsalira pa thonje. Inali penti.

"Mwina amuna anga anawanamiza powagulitsa," ndinatero.

"Mwina." Anachotsa kagalasi m'diso. "Koma kamng'alu aka pansi pa chibwano ndimakadziwa, mayi. Si koyamba kulowa muno. Mng'alu womwewu, malo omwewa, bowo lomweli. Onse amabwera atavala pa tcheni, ndipo onse amati lilipo limodzi lokha."

"Onse ndani?"

"Ine ndimayeza makobidi. Maina a makasitomala sindiyeza."

3

Sabata imeneyo ndinadwala matenda oyang'ana makosi. Mu basi, mu banki, pa mzere wa mu sitolo, maso anga ankangothamangira pa khosi pa mayi aliyense. Mayi wina mpaka anandifunsa ngati ndili nesi wa zotupa.

Kunyumba sindinanene kanthu. AKaisara ankabwera madzulo akununkha polishi wa zikho, n'kundipatsa moni wa masiku onse.

"Mfumukazi yaswera bwanji?"

"Yaswera bwino. Yangomera ndevu pang'ono."

"Ati chiyani?"

"Palibe, bambo. Madzi osamba ali tayale."

Ndinkadziwa kuti ndikawafunsa adzandiuza mbiri yonse ya Roma mpaka ndiiwale funso. Ndinafuna kuona ndi maso anga. Nzeru inandibwerera ndikusita: amene ali ndi makobidiwo sangawatulutse pamaso pa ine, koma pa ndalama atha kutuluka ngakhale mvula ikugwa.

Pa msonkhano wotsatira ndinakweza khobidi monga mwa nthawi zonse.

"Amayi, ndinapita nalo kwa katswiri, aSikelo aja a pafupi ndi ochita fotokope. Anachita kunjenjemera. Akuti mtengo wake ndi nyumba yosanja, ya mpanda ndi galaja, ndipo wogula alipo kale. Koma ine sindigulitsa chikondi."

M'manja munaombedwa, koma ndinaona kuti ena akuomba mofooka, maso ali kutali.

M'mawa mwake ndinakafika kwa aSikelo asanamalize kutsegula. Kumbuyo kwa kabati ya masitampa kuli kampando. Ndinakhalapo n'kutulutsa zoluka zanga.

"Mayi, izi si zololedwa," anatero aSikelo.

"Ndikusankha masitampa, bambo. Ndine wochedwa posankha."

Anapukusa mutu n'kundithirira tiyi. Ndikuganiza kuti nawonso anali atatopa kuswa mitima ya amayi ali okha.

4

Woyamba kulowa anali msungichuma wa gulu lathu, mayi amene ndinamulangiza ndekha banja lake litagwedezeka. Anavala magalasi akuda ngati wakuba wa m'filimu. Anatsegula kachikwama, n'kumasula mpango, n'kumasulanso pepala.

"Bambo, mulankhule motsitsa. Lija anabwera nalo mayi wina ndi lokopera. Lenileni ndi ili."

"Anakuuzani ndani?"

"Mwini wake. Anati kwa akazi awo anapereka longoumba kuti asamavute, koma lenileni anasungira munthu amene mtima wawo uli."

Singano yolukira inandibaya chala. Sindinalire.

ASikelo anamuonetsa kamzere, timabowo ndi thonje. Msungichuma anatuluka osatsanzika, ataiwala magalasi pa kauntala.

Wachiwiri anali mayi wotsogolera kwaya, wamkulu kuposa ine, amene amandipatsa moni wa manja awiri. Mawu ake anali omwewo, osasintha ngakhale pamodzi. Atatuluka, aSikelo anasuzumira kuseri kwa kabati.

"Pepani mayi, koma la amenewa ndi looneka bwino kuposa lanu. Mikanda ikuchita kuwerengeka. Chikombole chimatha nacho chikamagwira ntchito, ndiye loyamba kuthiridwa limatuluka lakuthwa."

"Mukutanthauza chiyani?"

"Iwo anayamba. Inu munabwera pambuyo."

Apa ndiye panandiwawa zenizeni. Kugawana mwamuna ndi anthu obwera m'mbuyo mwako n'kowawa, koma umadzitonthoza kuti ndiwe mwini. Ine ndinangomva kuti ndinalowa pa mzere ngati wina aliyense.

Masiku otsatira anabwera ena. Wina sindinkamudziwa n'komwe, anachita kukwera basi kuchokera kutali, atatenga mchimwene wake kuti amuthandize kunyamula ndalama. Ndinaluka theka la juzi kuseri kwa kabati ija. Ndinafika pomaseka ndekha, n'kumanong'oneza mawu awo iwo asanawanene.

Kenaka kunalowa munthu amene sindinkamuyembekeza.

5

Anali mnzake wa mwana wanga wa pamtima, amene anakula akudya m'nyumba mwanga. Ndi iye amene amayenera kuima pambali pa mkwatibwi pa ukwati, ndipo diresi lake ndinali nditalipira ndine. Anavula tcheni m'khosi n'kuika khobidi pa kauntala.

ASikelo anaika kagalasi.

"Mng'alu ndi womwewu," anatero mokweza pang'ono, kuti ndimve. "Koma ili ndi latsopano, penti yake sinaume n'komwe bwino. Ndipo dzanja ndi lina. Mzerewu sunapalidwe, wongosiyidwa."

Za dzanjazo sindinazimve. Ndinatuluka kuseri kwa kabati ulusi ukukokeka m'mbuyo mwanga.

"Iwe mwana iwe. Bambo amene anakunyamula pa msana uli wakhanda? Msinkhu wa bambo ako? Ndakulera ndi manja angawa kuti udzandilowe m'nyumba?"

Mtsikanayo anatsamira khoma. Ndinkayembekeza kuti akana kapena athawa, koma anangondiyang'ana ndi maso odabwa.

"Amayi, si ababa anandipatsa ayi."

"Nanga linagwa kumwamba?"

Anayamba kulira. Anatchula mkamwini wanga, mnyamata waulemu uja, woyankhula motsitsa mawu.

"Anati abwana ake anamupatsa lenileni, lanu ndi longoumba. Anati ukwatiwu akungochitira ntchito, kuti shopu isamuchoke, koma mtima wake uli kwa ine. Ndinamva kuti ndi la mtengo wa nyumba, ndiye ndimafuna ndigulitse ndichoke. Sindingathe kuima pambali pa mwana wanu tsiku limenelo, amayi, nditanyamula maluwa ake."

ASikelo anakankhira kampando kwa ine. Ndinali nditabwera kudzagwira mwamuna wanga, ndipo ndinali wokonzeka kumugwira ndi makosi onse a m'tauni. Za mwana wanga sindinakonzekere.

6

Ndinapita ku shopu molunjika. Mkamwini anali atapita kukapereka zikho ku sukulu ina. AKaisara anali pa benchi, akupukuta mendulo. Ndinaponya makobidi awiri patsogolo pawo, langa ndi la mtsikana uja.

Anatola la mtsikanayo, n'kulitembenuza chammbali, n'kukwinya nkhope.

"Iyi si ntchito yanga iyi. Taonani mzerewu. Ndimamuuza tsiku ndi tsiku mnyamata ameneyu kuti azipala m'mphepete."

"Ndiye chimene chakupwetekani ndi tupa?"

Apa m'pamene anazindikira zimene ayankhula. Anaika mendulo pansi.

"Mfumukazi, khalani pansi tikambirane."

"Ndi mwamuna uyo. Wometa ndevu. Munkadziwa?"

"Mbiri imasiyana malinga ndi mabuku."

"Msungichuma? Mayi wa kwaya? Nawonso amasiyana malinga ndi mabuku?"

"Zakalekale zimenezo. Ena munali musanabwere n'komwe."

"Ndamva. Nanga lenileni lili kuti? Ndikufuna ndione nkhope ya mayi amene anapambana."

Anakanda m'mutu, kenaka anatsegula dirowa ya pansi. Munali chikombole cha mphira chakuda ndi ukalamba, ndi kakhobidi kolumikizidwa ku mphete ya makiyi. Anagula ali mnyamata, pa tebulo la munthu wogulitsa zoseweretsa ndi mabatire. Lenileni kunalibe. Tonse, kuyambira mayi wa kwaya mpaka mtsikana uja, tinali ana a chokolekera makiyi.

"Mnyamatayo munamupatsa ndinu chikombolechi?"

"Anachipeza yekha posesa. Anandifunsa, ndiye ndinamufotokozera. Munthu ukamaphunzitsa ntchito subisa."

"Akukwatira mwana wanu."

"N'chifukwa chake ndikuti tikhale pansi." Mawu awo anafewa, monga amachitira pogulitsa chikho chopindika. "Holo talipira. Makadi apita. Mnyamatayo ndimukalipira, asiya. Ife si tili pano mpaka lero? Mwasowa chiyani? Taganizani dzina lanu, mayi. Mlangizi wa mabanja, ukwati wa mwana wake n'kuthera pa khomo la holo. Asewere anu adzaseka mpaka kugwa pa mpando. Si inu mumaphunzitsa kuti mkazi wanzeru akaona kanthu amatseka pakamwa n'kukonza nyumba yake?"

Analondola. Phunziro limenelo linali langa, ndipo linali lotchuka kuposa onse. Ndivomere pano kuti ndinatuluka mu shopumo ndikuganiza zowamvera. Ndinayenda mpaka pa siteji ya basi ndikukonza m'mutu mmene ndidzamwetulire pa maiki. Basi itabwera sindinakwere. Ndinaona mwana wanga zaka zikubwerazo, ataima kutsogolo kwa amayi, akukweza kachitsulo kopakidwa penti, ndipo kumbuyo kuli anthu akuomba m'manja mofooka.

7

Ndinamupeza pa nthawi yopuma, kuchipinda cha kumbuyo kwa sitolo ya mankhwala, pakati pa makatoni. Anali ndi kope la zithunzi za makeke.

"Amayi, mwabwera bwino. Wa nsanjika zitatu kapena zinayi?"

Ndinaika makobidi awiri pa katoni. Mawu onse amene ndinakhala ndikuwaza pa misonkhano anandithawa, ndiye ndinachita zimene anachita aSikelo. Ndinamuonetsa mng'alu pansi pa chibwano, uku ndi uku. Ndinamuonetsa kamzere. Ndinamuuza kuti enieni sakhala awiri ofanana. Kenaka ndinamuuza khosi limene ndinachotsa lachiwirilo, ndi amene analiveka.

Sanalire. Anatenga makobidiwo n'kuwayang'ana pa kuwala kwa zenera, monga amachitira ndi mapepala a madokotala osalemba bwino.

"Ababa akudziwa?"

"Chikombole ndi chawo."

"Ndipo anati chiyani?"

"Anati holo talipira."

Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. Anatseka kope la makeke.

"Inu mukanakhala ine mukanatani, amayi?"

"Ndikanakwatiwa," ndinatero. "Kenaka ndikanayamba kulangiza anzanga."

Anatulutsa foni n'kuimbira mnyamata uja ine ndili pomwepo. Sanakweze mawu. Anamuuza kuti ukwati kulibe, mphete akaitenge kwa mlonda wa pa geti, ndipo asavutike kubwera ndi amayi ake. Kumbali inayo ndinkamva mawu aulemu aja akuthamanga, akulumbira, akutchula Mulungu. Anadula foni, ndipo apa m'pamene anakhala pa katoni n'kulira, mutu uli pa mimba panga, ngati ali wamng'ono. Ndinalira naye. Ndinamupepesa, ngakhale sindinkadziwa poyambira.

Atatha anapukuta m'maso, n'kukonza kolala ya yunifolomu.

"Ine wanga ndathana naye," anatero. "Nanga inu wanu?"

8

Owerenga anzanga, funso limenelo palibe mayi anandifunsapo pa misonkhano yonse ija. Ndinalizemba sabata zingapo. Ndinaimbira foni anthu onse a makadi, ndinamva kuseka kwa asewere kudzera mwa anthu ena, ndinatula pansi udindo ku gulu. Msungichuma ndi amene analowa m'malo mwanga, ndipo ndamva kuti akulangiza bwino. AKaisara ankangondiyendera chammbali, akudikira kuti mkazi wanzeru atseke pakamwa. Mkamwini sanachotsedwe ntchito, chifukwa akuti nyengo ya mipikisano yayandikira ndipo manja ndi ochepa.

Tsiku limene ndinamva zimenezo ndi limene ndinalongedza.

Ndikulemba izi ndili pa matiresi, pa balaza la kanyumba kamene mwana wanga akuchita lendi. Msana ukuwawa, zovala zili m'sutikesi, ndipo usinkhu uno ndikuphunzira kufunsa mwana ngati ndingayatse wailesi. Sindikuuzani kuti ndine wosangalala. Zaka zanga ndimazilira, ndipo masiku ena ndimawasowa bambo aja ndi mabodza awo a ku Roma, chifukwa ankawanena mokoma.

Alipo amayi amene amandiimbirabe mwakabisira kufuna malangizo. Ndimawauza kuti ndinatseka, koma inu ndikupatsani amodzi aulere. Ngati muli ndi kanthu m'khosi, m'chala kapena pansi pa sutikesi kamene munauzidwa kuti kalipo kamodzi kokha, aSikelo amatsegula m'mawa ndithu ndipo salipiritsa zambiri. Koma musakwere masitepe amenewo musanadziwe kumene mukagone.